Tiyambire pa Nembanemba Pophunzitsa za Selo

Mwa maphunziro onse a sayansi ya zamoyo, palibe limene aphunzitsi ambiri amaliyesa lapafupi kuposa phunziro la selo. Mphunzitsi amaloŵa m'kalasi, natenga choko, najambula pabolodi zithunzi ziŵiri, china chobulungira ngati dzira, china cha ngodya zinayi ngati njerwa. Atatero amakoka mizere kuchokera m'kati mwa zithunzizo, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse amalembako dzina la Chingerezi. Ana amakopera zonsezo m'makope mwawo, naloŵeza mainawo pamtima, ndipo tsiku la mayeso ambiri amakhoza bwino. Mphunzitsi amakondwa, mkulu wa sukulu amakondwa, ndipo onse amati phunziro latheka.

Koma tatengani mmodzi mwa ana okhoza bwinowo, mumufunse chifukwa chake matimati odula amatuluka madzi akathiridwa mchere, kapena chifukwa chake chimanga chimapsa feteleza akathiridwa patsinde penipeni. Mudzaona mwanayo akungoyang'ana pansi. Iye sadziŵa kuti mafunso ameneŵa ndi a phunziro lomwe lija adakhoza, pakuti kwa iye selo ndi chithunzi cha m'kope, chimene ntchito yake ndi kujambulidwa pa mayeso basi. Tsono maganizo anga, amene ndifuna kuŵaika pamaso pa inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, ndi aŵa: phunziro la selo liyenera kuyambira pa nembanemba yake, ndiye kuti kachikopa kopyapyala kamene kamakuta selo lililonse, ndipo liyambire pa ntchito imene nembanembayo imagwira, imene ana angathe kuiona ndi maso awo. Chithunzi cha pabolodi chibwere pambuyo.

Zimene Hooke adaona

M'chaka cha 1665 Mngelezi wina, Robert Hooke, adasindikiza buku lotchedwa Micrographia, m'mene adajambulamo zinthu zimene adaziona ndi maikulosikopu yake. Chimodzi mwa izo chinali kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo, lija amapangira zotsekera mabotolo a vinyo. M'khungwamo adaonamo timaboo tambirimbiri tondandalikana ngati malesa a njuchi, ndipo adatitcha ndi liwu lochokera ku Chilatini lotanthauza tizipinda. Liwu lathu lakuti selo lidachokera pamenepo. Koma khungwa limene Hooke ankayang'analo linali lakufa. Zonse zamoyo zimene zidali m'tizipindamo zinali zitauma kalekale, ndipo chimene chidatsala ndi makoma okha. Tingati Hooke adafika pabwinja eni mudzi atasamuka.

Padapita zaka zambiri anthu asanazindikire bwino za moyo wa m'tizipindamo. Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Holland, adaona tizilombo ta selo limodzi tikusambira m'dontho la madzi m'zaka za m'ma 1670. Matthias Schleiden mu 1838 ndi Theodor Schwann mu 1839 adafotokoza kuti zomera ndi nyama zomwe n'zopangidwa ndi maselo, ndipo Rudolf Virchow mu 1855 adatsindika mfundo yakuti selo lililonse limachokera ku selo linzake. Motero sayansi idachoka pabwinja paja nipita patsogolo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ife, ndi chithunzi chathu cha pabolodi, timabwezera ana pabwinja pomwepo. Timaŵaonetsa mizere yoima chilili, ya chinthu chimene sichidya, sichipuma ndiponso sichitulutsa kanthu, kenaka n'kuŵauza kuti chimenechi ndicho chiyambi cha moyo.

"Kusukulu kwathu kulibe maikulosikopu"

Dandaulo limeneli mudzalimva kaŵirikaŵiri, ndipo mwina inu nomwe mudzalinena. N'zoona kuti sukulu zambiri zilibe chipangizochi, ndipo kumene chilipo n'kwabwino kuti ana ayang'anemo. Koma pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchidziŵa tisanadandaule. Ngakhale mutapatsidwa maikulosikopu yabwino yoyendera kuŵala, nembanemba ya selo simungaione. Mutatenga milimita imodzi ya pa rula n'kuigaŵa magawo 1,000,000, kuchindikala kwa nembanemba kungatenge magawo 7 kapena 8 okha. Mutasanjikiza nembanemba 10,000, mulu wakewo sungapose kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope. Mizere imene ana amaiona akayang'ana maselo a anyezi ndi makoma a maselowo. Nembanemba yeniyeni idayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1950, pamene akatswiri adagwiritsa ntchito maikulosikopu yoyendera maelekitironi.

Nanga anthu adaidziŵa bwanji asanaione? Adaidziŵira ku ntchito zake. Mu 1748 Mfalansa wina, Jean-Antoine Nollet, adadzaza kabotolo ndi moŵa waukali, natseka pakamwa pake ndi chikhodzodzo cha nkhumba, namiza kabotoloko m'madzi. Patapita maola angapo adapeza chikhodzodzocho chitatukumuka, chifukwa madzi ankaloŵa msanga kuposa m'mene moŵawo unkatulukira. Pakati pa 1895 ndi 1899 Ernest Overton, akugwira ntchito ku Zürich, adayesa mankhwala mazanamazana pa maselo amoyo, napeza kuti zinthu zosungunuka m'mafuta zimaloŵa m'selo mosavuta. Pamenepo adaganiza kuti chokuta selo chiyenera kukhala cha mtundu wa mafuta. Mu 1925 Evert Gorter ndi François Grendel a ku Leiden adachotsa mafuta a m'maselo ofiira a magazi, naŵayala pamwamba pa madzi, ndipo adapeza kuti malo amene mafutawo adakuta anali ofanana ndi kunja kwa maselowo kuŵirikiza kaŵiri. Adanena kuti mafutawo ndi osanjikizana m'mizere iŵiri. Miyeso yawo inali ndi zolakwika zina, koma mfundo yawoyo idapezeka yoona.

Taonani kuti onse ameneŵa adayenda njira imodzi. Adaona chimene chikuloŵa, chimene chikukanika kuloŵa ndi chimene chikutuluka, ndipo adaganiza za chotchinga chimene maso awo sankachiona. Njira imeneyi ndi yotsekuka kwa mwana wa sukulu ya kumudzi monga momwe iliri kwa mwana wa sukulu ya m'tauni, pakuti zofunika pa ulendowu ndi mchere, madzi, mpeni ndi mutu woganiza.

Chimene mphunzitsi ayenera kudziŵa

Munthu sangaphunzitse bwino chinthu chimene iye mwini akuchidziŵa mwa dzina lokha, choncho tiyeni tikumbutsane kapangidwe ka nembanemba. Tinthu tamafuta timene timaipanga, totchedwa phospholipid, tili ndi mutu umene umagwirizana ndi madzi, ndiponso michira iŵiri imene imadana ndi madzi. Popeza kunja kwa selo kuli madzi ndipo m'kati mwake mulinso madzi, tinthuti timandanda tokha m'mizere iŵiri, mitu itayang'ana kumadzi mbali zonse ziŵiri, michira itabisala pakati. Palibe chimene chimatikhomera pamodzi ngati misomali. Timangoyenda uku ndi uku m'mzere mwawo monga mafuta oyandama pamwamba pa msuzi. M'mafuta amenemu mumayandama mapuloteni a mitundumitundu, ena otulukira mbali zonse ziŵiri. Mafotokozedwe ameneŵa adaperekedwa ndi Jonathan Singer ndi Garth Nicolson mu 1972, ndipo ndiwo maziko a zimene mabuku amaphunzitsa.

Zinthu zimadutsa pa nembanemba m'njira zitatu zimene mphunzitsi ayenera kuzisiyanitsa bwino. Njira yoyamba ndi ya kufalikira, monga umachitira utsi m'khitchini, kuchoka kumene wachuluka kunka kumene wachepa. Mpweya wa okosijeni umaloŵa m'selo mwa njira imeneyi, kupyola m'mafuta momwemo. Njira yachiŵiri ndi ya madzi, yotchedwa osmosis. Pamene nembanemba ilola madzi kudutsa koma ikaniza mchere kapena shuga, madzi amachoka mbali imene zosungunukazo n'zochepa napita mbali imene n'zambiri. Madzi amatha kupyola m'mafuta pang'onopang'ono, koma m'maselo ambiri muli mapuloteni okhala ngati timipata ta madzi okhaokha. Peter Agre ndi anzake adaonetsa ntchito ya timipata timeneti mu 1992, ndipo iye adalandira mphoto ya Nobel mu 2003.

Njira yachitatu ndiyo imaonetsa poyera kuti nembanemba ndi mbali ya chinthu chamoyo. Selo limatha kukoka chinthu kuchokera kumene n'chochepa n'kuchiloŵetsa kumene n'chambiri kale, monga munthu wotunga madzi kudambo n'kukwera nawo phiri. Ntchito yotere imalira mphamvu, ndipo mphamvuyo imachokera ku chakudya. Mu 1957 Jens Skou wa ku Aarhus m'dziko la Denmark, pofufuza mitsempha ya m'miyendo ya nkhanu, adapeza puloteni imene imagwira ntchito ngati pampu. Pa ulendo uliwonse pampuyi imatulutsa tinthu titatu ta sodiyamu niloŵetsa tiŵiri ta potaziyamu, ndipo imatero usana ndi usiku m'maselo a thupi lathu. Popanda iyo mitsempha siingatumize uthenga ndipo mtima sungagunde.

Phunziro la mbatatesi zitatu

Tsopano tibwere m'kalasi. Tengani mbatata za kachewere zitatu, zimene ambiri amati mbatatesi, ndipo imodzi muiŵiritse kunyumba kufikira itapsa koma isanaphwanyike. Zonse muzisende, muzidule pansi kuti zikhazikike, ndipo pamwamba pa iliyonse mukumbe kadzenje ngati kachikho, osaboola. Muzikhazike m'mbale zokhala ndi madzi pang'ono, osafika pakamwa pa kadzenje. M'kadzenje ka mbatatesi yoyamba, yaiŵisi, muthire supuni ya mchere. M'kadzenje ka yachiŵiri, yaiŵisinso, musaikemo kanthu. M'kadzenje ka yoŵiritsa ija muthire supuni ya mchere monga poyamba. Pambali pake muike supuni inanso ya mchere m'chotsekera cha botolo. Ngati kalasi ndi lalikulu, gulu lililonse la ana likonze zake, pakuti mwana saiŵala chimene adachita ndi manja ake.

Musanafotokoze kanthu, funsani ana kuti alembe chimene akuganiza kuti chichitika m'kadzenje kalikonse, ndi chifukwa chake. Kenaka pitirizani ntchito ina, chifukwa zotsatira zimafuna ola limodzi kapena aŵiri, ndipo akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. N'kwanzeru kukonza zimenezi m'maŵa n'kudzaziyang'ana nthaŵi yopuma itatha. Ana adzapeza kuti m'kadzenje koyamba mwadzaza madzi, m'kachiŵiri mulibe kanthu, ndipo m'ka mbatatesi yoŵiritsa mchere wangogwira chinyezi pang'ono. Apa mphunzitsi adzigwire, asafulumire kutchula liwu lakuti osmosis. Afunse kuti madziwo achokera kuti. Ana ambiri adzayankha kuti mchere wasanduka madzi. Yankho limeneli musaliseke, chifukwa ndi la munthu amene wayamba kuganiza. Ingolozani mchere wa m'chotsekera uja, umene ukali wouma, ndipo muŵasiye akambirane okha.

Mbatatesi yofunika koposa ndi yoŵiritsa ija, ndipo ndi imene aphunzitsi ambiri amaisiya. Mchere ndi womwewo, madzi ndi omwewo, makoma a maselo alipobe, koma madzi sadasonkhane m'kadzenje. Chasintha n'chiyani? Moto waononga china chake m'mbatatesimo, ndipo chimenecho ndicho chinkalola madzi kudutsa n'kumakaniza mchere. Mwana akafika pa mfundo imeneyi ndi nzeru zake, wapeza nembanemba monga adaipezera Overton, ngakhale sanaione. Kuti mutsimikize mfundoyo, tengani masamba a bonongwe wofiira, muŵatsuke, ena muŵaviike m'madzi ozizira, ena m'madzi oŵira. Madzi ozizira adzakhala oyera ndithu, koma oŵirawo adzafiira msanga. Utoto wofiira unali m'kati mwa maselo, ndipo nembanemba zitaonongeka ndi kutentha, palibenso choutsekereza. Mwana aliyense amene adaphikapo ndiwo adaona zimenezi, koma mwina palibe amene adamufunsapo tanthauzo lake.

Tsiku lotsatira ana adule timizere ta mbatatesi yaiŵisi totalika masentimita 5, tina atiike m'madzi wamba, tina m'madzi a mchere wambiri. Ola likatha atiyezenso ndi rula ndi kutipinda ndi zala. Ta m'madzi wamba tidzakhala tolimba ndi totalikirapo pang'ono, pamene ta mumchere tidzakhala tofeŵa ndi tofupikirapo. Apa ndiye pabwino kukamba za amayi ogulitsa mpiru pamsika, amene amaviika masamba ofota m'madzi kuti atsitsimuke. Apanso ndi pamene kusiyana kwa khoma ndi nembanemba kumamveka. Selo la chomera likamwa madzi limakankha khoma lake, khomalo nilikaniza kuphulika, ndipo n'chifukwa chake tsamba limaima njo. Selo la nyama lilibe khoma. Maselo ofiira a magazi akaikidwa m'madzi wamba amatupa mpaka kuphulika. N'chifukwa chake madzi a mchere a mudiripi yakuchipatala amakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, mlingo wolingana ndi wa m'magazi.

Zolakwa ziŵiri zoyenera kupeŵa

Cholakwa choyamba ndi cha mphunzitsi wachangu amene amafunitsitsa kuonetsa ana chinthu chogwirika. Iye amasenda kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa anyezi, kapena ka m'kati mwa chigoba cha dzira, nakakweza m'mwamba, nati, "Onani nembanemba ya selo." Zimenezi si zoona. Kachikopa ka anyezi ndi mzere wa maselo athunthu zikwizikwi, lililonse lokhala ndi khoma lake ndi nembanemba yake, ndipo ka dzira ndi ulusi wa mapuloteni wolukanalukana. Liwu lathu lakuti nembanemba ndi labwino, chifukwa ana amalidziŵa kale kuchokera pa nyama imene imasendedwa kwawo. Koma tiyenera kuŵauza momveka kuti tangobwereka dzina, ndi kuti nembanemba ya selo ndi yopyapyala koposa chilichonse chimene zala zingagwire.

Cholakwa chachiŵiri chili pa mafanizo. Timakonda kunena kuti nembanemba ili ngati mpanda wa nyumba kapena ngati sefa. Mafanizo ameneŵa amathandiza pa tsiku loyamba, koma akakhalitsa amasokeretsa. Mpanda ndi wouma ndipo ukabooka umakhala wobooka. Sefa imasankha poyang'ana kukula kokha, chaching'ono chimadutsa ndipo chachikulu chimatsala. Koma nembanemba imakaniza kanthu kakang'ono ka sodiyamu, pamene zinthu zina zazikulupo zosungunuka m'mafuta imazilola kupyola. Fanizo loposa ameneŵa ndi thovu la sopo. Pindani waya ngati mphete, muviike m'madzi a sopo kuti pakhale kachikopa, ndipo mubaye kachikopako ndi kaudzu koviika m'madzi a sopo omwewo. Kaudzuko kadzapyola ndi kuyenda uku ndi uku, ndipo mukakazula malowo adzatsekeka okha. Tinthu ta sopo tilinso ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta, ndipo n'chifukwa chake sopo amatha kuphwasula chokuta chamafuta cha tizilombo tina toyambitsa matenda tikamasamba m'manja. Fanizo lililonse lili ndi malire ake, ndipo mphunzitsi wabwino amafunsa ana kuti atchule pamene fanizolo likulephera.

Kumunda ndi kunyumba

Wina angafunse chifukwa chake ndikulimbikira chotere pa kaphunziro kamodzi. Yankho langa ndi lakuti ana ambiri amene tidzaŵaphunzitsa sadzakhala madokotala kapena akatswiri a sayansi, koma pafupifupi onse adzalima, adzasunga chakudya ndipo adzalera ana. Feteleza wowunjikana pamizu amachititsa kuti madzi a m'nthaka pamalopo akhale ndi zosungunuka zambiri kuposa a m'maselo a mizu, ndipo madzi amayamba kutuluka m'mizu monga adachitira m'mbatatesi muja. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene alangizi amanenera kuti feteleza aziikidwa pataliko pang'ono ndi tsinde, nthaka ili ndi chinyezi. Mlimi wongomva lamulo amaliswa akatopa, koma amene adaona madzi akutsata mchere amadziŵa kuti akuotcha ndalama zake. Chimodzimodzinso chimanga cha m'munda modikha madzi chimachita chikasu, ndipo china mwa zifukwa zake n'chakuti mizu yosoŵa mpweya ilibe mphamvu zoyendetsera mapampu ake okokera chakudya m'nthaka. Nyama kapena nsomba yothiridwa mchere wambiri siwola msanga, chifukwa mabakiteriya ogwera pamenepo amatuluka madzi nalephera kuswana.

Koma nkhani yaikulu koposa ndi ya kutsekula m'mimba. Mliri wa kolera umene udayamba m'Malaŵi mu Malichi 2022 nupitirira mpaka mu 2023 udapha anthu oposa 1,700. Kolera ndi matenda a nembanemba. Kachilombo kake kamatulutsa poizoni amene amachititsa maselo a m'matumbo kutsekula timipata tawo ndi kutaya mchere m'matumbomo. Madzi amatsata mcherewo, ndipo wodwala kwambiri angathe kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola. Munthu amafa ndi kuuma kwa thupi. Madzi okha akamwedwa sakwanira kubwezera zotayikazo, pakuti thupi lataya mchere pamodzi ndi madzi.

Chipulumutso chake chidachokeranso pa nembanemba. Mu 1960 Robert Crane adafotokoza kuti pa nembanemba ya maselo a m'matumbo pali puloteni imene imaloŵetsa sodiyamu ndi shuga wa gulukosi pamodzi, ndipo siloŵetsa chimodzi popanda chinzake. Pambuyo pake kudadziŵika kuti poizoni wa kolera saononga khomo limeneli. Motero wodwala akamwa madzi okhala ndi mchere ndi shuga pa mlingo woyenera, ziŵirizo zimaloŵa m'thupi ndipo madzi amazitsata. Mu 1971, pa nthaŵi ya nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, dokotala Dilip Mahalanabis adagwiritsa ntchito njira imeneyi pa msasa wa anthu othaŵa nkhondo ku Bangaon m'dziko la India, madiripi atasoŵa. Pa odwala 100 alionse ankafa pafupifupi 30, koma mwa amene iye adaŵasamala adafa osakwana 4. Paketi ya Thanzi imene amayi amalandira kuchipatala kapena kugula m'sitolo ndi mwana wa nzeru imeneyi.

Tsono ganizirani za mtsikana kapena mnyamata amene ali m'kalasi mwanu, amene tsiku lina adzakhala yekha usiku ndi khanda lotsekula m'mimba. Mtima wa chikondi udzamuuza kuti mankhwala akachuluka mphamvu ndiye achiza msanga, ndipo adzafuna kusungunula paketi yonse m'kapu imodzi ya madzi, kapena kumwetsa mwanayo zakumwa za m'botolo zotsekemera kwambiri. Zonse ziŵiri n'zoopsa, pakuti madzi okhala ndi zosungunuka zochuluka amakoka madzi a m'thupi kubwera m'matumbo, ndipo mchere wochuluka m'magazi umavulaza khanda. Kholo limene lidangoloŵeza maina a pa chithunzi lilibe chomuletsa. Koma limene lidaona kamzere ka mbatatesi katafota m'madzi a mchere lidzadziŵa chifukwa chake mlingo wa madzi wolembedwa pa paketi uyenera kutsatidwa osachepetsa, ndipo lidzathamangira kuchipatala nthaŵi ikadalipo.

Nanga mayeso?

Ndikudziŵa kuti mudzati nthaŵi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, ndipo oyesa amafuna chithunzi ndi maina ake. Sindikunena kuti chithunzi chitayidwe. Ana ayenera kudziŵa kujambula selo la chomera ndi la nyama, ndipo ayenera kudziŵa maina a Chingerezi, popeza mayeso amalembedwa m'Chingerezi. Chimene ndikupempha ndi kusintha dongosolo lokha. Mwana amene wayamba wadabwa ndi madzi a m'kadzenje amalandira dzina lakuti osmosis ngati dzina la munthu amene wakumana naye kale, ndipo saliiŵala. Akafika pa chithunzi, mzere wa nembanemba umakhala ndi tanthauzo, ndipo mafunso ena amabwera okha. Kodi mphamvu zoyendetsera mapampu zimapangidwira kuti? Pamenepo mutchule mitochondria. Kodi malangizo opangira mapuloteniwo amasungidwa kuti? Pamenepo mutchule nyukiliyasi. Chiŵalo chilichonse chimabwera ngati yankho la funso limene mwana wafunsa, ndipo maola aŵiri amene mwataya pa mbatatesi mudzaŵapeza pa nthaŵi yobwereza, chifukwa simudzafunika kuphunzitsanso zimene ana adazimvetsa.

Za chinenero ndinganene izi. Pamene ana akukangana za kumene madzi achokera, aloleni akangane m'chinenero chimene amaganizira. Mwana amene wanena m'Chicheŵa kuti madzi atsata mchere kupyola pa kanthu kamene moto umaononga, wanena sayansi yeniyeni, ndipo kumuthandiza kuika mawu omwewo m'Chingerezi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma amene waloŵeza chiganizo cha Chingerezi chosamveka kwa iye amachitaya akangotuluka m'chipinda cha mayeso.

Pomaliza, anzanga, kumbukirani kuti mphunzitsi watsopano kaŵirikaŵiri amaphunzitsa monga iye adaphunzitsidwira, ndipo chizoloŵezi cha chaka choyamba chimakhala cha moyo wonse. Mmera m'poyamba. Musadikire kuti mudzayese zimenezi mutapatsidwa kalasi lanu. Sabata lino gulani mbatatesi zitatu ndi mchere wa pamsika, muyese nokha kuchipinda kwanu, muone nthaŵi imene madzi amatenga kuti asonkhane, ndipo mulembe mafunso amene mudzafunse. Pamene mudzapita kokayesera kuphunzitsa, mudzanyamule mbale ndi mpeni pamodzi ndi choko, ndipo musadzajambule selo pabolodi ana asanakufunseni chimene chaletsa madzi kuloŵa m'mbatatesi yoŵiritsa.